Golide wa m'kamzere koyezera malungo

Amalawi ambiri anabayidwapo chala poyezetsa malungo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kamzere kofiira kamene kamatuluka pa zipangizo zambiri si utoto. Ndi golide. Timibulu take n'ta mananomita pafupifupi 40, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake limafika mananomita 80,000. Golide akachepa chomwechi amasiya chikasu chake, amameza kuwala kobiriwira n'kuoneka wofiira. Michael Faraday anazifufuza kale zimenezi ku London mu 1857, asakulota n'komwe za udzudzu wa ku Nsanje.

Timibuluti amatimatiza tizinthu togwira puloteni ya kachirombo ka malungo. Magazi akamayenda pa kapepala kaja, timaunjikana malo amodzi, mzere n'kuonekera. Sipafunika magetsi kapena maikulosikopu. N'chifukwa chake mu 2010 bungwe la WHO linatha kulangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala a malungo.

Tsopano kukubwera zina. Mphoto ya Nobel ya 2023 inapita kwa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov chifukwa cha timadontho towala totchedwa quantum dots, ndipo ofufuza akutiyesa kuti tiziulula matenda tizirombo tikadali tochepa m'magazi. Ife tikuyamikira, koma sitikuomba m'manja msanga. Chipangizo chofuna firiji ndi makina owerengera odula chikathera m'zipatala zikuluzikulu za m'tauni, mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi osachiona n'komwe.

Chotidetsa nkhawa kwambiri n'china. Zoyezera zambiri zimasaka puloteni yotchedwa HRP2, ndipo tizirombo tina tinasiya kuipanga. Izi zinadziwika ku Peru mu 2010, ndipo ku Eritrea zinafika poti dzikolo linasintha zoyezera. Wodwala akunjenjemera, mutu ukuwawa, koma kachipangizo kakuti alibe malungo, n'kumubweza kunyumba ndi panado. Golideyo sanalakwe, kachirombo ndiko kasintha, ndipo palibe kuwala kumene kungaonetse chinthu chomwe mulibe.

Kuno kwathu tili ndi akatswiri ku Kamuzu University of Health Sciences, ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, komanso ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi Nyumba ya Malamulo kuti apatule ndalama zoti akatswiri athuwa azifufuza pafupipafupi tizirombo ta kuno, ndipo chipangizo chilichonse chatsopano chiziyamba chayesedwa m'kutentha kwa kuchigwa cha Shire boma lisanachigule.