Khoma la nyumba zathu: zidina, njerwa zootcha kapena mabuloko?

Mvula ikatha ndipo zokolola zikalowa m'nkhokwe, m'midzi ndi m'matauni mwathu mumayamba ntchito youmba njerwa. Mabanja amafuna kuwonjezera chipinda, miphakati imagawana masiku oumbira njerwa za tchalitchi kapena za nyumba ya katekisti, ndipo utsi wa mauvuni umaoneka ponseponse. Kale tinkangotenga chikombole osafunsa zambiri, koma zimene taona m'zaka zapitazi zikutikakamiza kudzifunsa kuti khoma limene tikumangali lidzapirira mvula yotani, ndiponso lidzatha mitengo ingati.

Tonse tikukumbukira namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, ndiponso wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, amene anasakaza maboma a Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. N'zoona kuti matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche sizikanasiya nyumba ya mtundu uliwonse. Komabe nyumba zina zambiri zinagwa popanda madzi osefukira. Mvula inagwa masiku angapo osaleka, makoma a zidina omangidwa ndi dothi anamwa madzi, anafewa kuyambira pansi, kenaka n'kugwera anthu ali m'tulo.

Yankho limene ambiri amathamangirako ndi lakuti tiotche njerwa. Njerwa yopsa bwino imalimbadi kuposa chidina, koma uvuni umadya nkhuni zochuluka, makamaka za mitengo yachilengedwe imene imatenga zaka zambiri kuti ikule. Phiri likameteka, madzi amatsika ndi ukali n'kukagumula nyumba zomwe zija tinaotchera njerwa. N'chifukwa chake mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo bungwe la National Construction Industry Council ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Kwa ife Akatolika nkhaniyi siithera pa lamulo la boma. M'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis anaphunzitsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wa tonse, ndipo chilengedwe chikaonongeka oyamba kulira ndi amphawi.

Njira zina zilipo: mabuloko a simenti ndi mchenga, komanso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene zimatsindiridwa ndi makina n'kuuma popanda moto. Vuto lake ndi mtengo. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti inakwera limodzi ndi katundu wina. Kuuza mayi wamasiye kuti agule mabuloko ndi kumusenzetsa katundu amene sangathe kunyamula. Tisaiwalenso kuti buloko loumbidwa ndi simenti yoperewera, kapena losathiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, limanyenyeka m'manja.

Mfundo imene tikufuna kutsindika ndi iyi: mdani wa khoma ndi madzi, ndipo amalowa kuchokera pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pansi, maziko akhale a miyala kapena a njerwa zolimba zomangidwa ndi simenti, akwere masentimita osachepera 30 kuchokera padothi, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lakuda lapulasitiki kuti chinyontho chisakwere. M'mbali, khoma lipakidwe pulasitala kunja, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 5 kapena 6 ya mchenga. Ngati matumba ndi ochepa, tiyambe ndi m'munsi mwa khoma ndi mbali imene mvula imaombako. Pamwamba, denga litulukire kunja pafupifupi theka la mita kapena kuposerapo, kapena nyumba ikhale ndi khonde lozungulira monga ankachitira makolo athu, ndipo ngalande ichotse madzi pakhomo. Nyumba ya zidina yosamalidwa motere ikhoza kukhalitsa kuposa ya njerwa zootcha yomangidwa ndi matope pamalo odikha madzi. Choncho simenti yochepa imene banja lapeza ndi bwino ipite ku maziko ndi ku pulasitala wakunja, kukongoletsa m'kati kudikire.

Mpingo nawo uli ndi udindo wake. Sitingalalikire za kusamala chilengedwe Lamulungu, Lolemba n'kukadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kuti tiotchere njerwa za holo ya parishi. Makomiti a zomangamanga m'maparishi ndi m'nthambi ayambe kuwerengetsa mtengo wa mabuloko kapena wa njerwa zotsindira asanaitanitse akhristu kudzaumba. Miphakati ingapo ikhoza kusonkherana n'kugula makina amodzi, achinyamata n'kuphunzira ntchitoyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kumene uvuni sungapeweke, pakhale pangano lodzala mitengo ndi kuisamala mpaka itakula.

Inu akatekisti, amene mumalowa m'nyumba za akhristu kuposa wina aliyense, poyendera odwala ndi okalamba yang'ananinso makoma awo. Mukaona mng'alu kapena khoma lodyeka m'munsi, dziwitsani mphakati mvula isanayambe. Chakudza sichiimba ng'oma.