Nsapato za phazi losamva ululu

Phazi labwinobwino limadandaula. Nsapato ikathina, mwini wake amatsimphina, amamasula zingwe, kapena amangoivula. Phazi la munthu wofa ziwalo nthawi zambiri silitero. Wovulala mtsempha wa msana angathe kutha tsiku lonse atavala nsapato yomudya chidendene osadziwa kanthu, madzulo n'kupeza thuza lomwe pakapita masabata ochepa limasanduka chilonda chakuya. Choncho posankha nsapato ya phazi lotere, maso ndi manja ndiwo amagwira ntchito imene ululu unkagwira.

Kufa ziwalo n'kosiyanasiyana, ndipo zosowa zake n'zosiyananso. Wodwala sitiroko kawirikawiri amafooka mbali imodzi: phazi limalendewera, zala zimakhukhuza pansi poyenda, ndipo dzanja lovalira limatsala limodzi. Amene anadwala poliyo ali mwana amamva kukhudza bwinobwino, koma mwendo umodzi umakhala wowonda ndi waufupi, phazi lake laling'ono kuposa linzake. Wovulala msana amene amayenda pa njinga ya olumala ndiye ali pachiopsezo chachikulu, pakuti mapazi ake samva ndiponso amatupa, popeza minofu ya m'katumba yomwe imakankha magazi kubwerera kumtima yasiya ntchito.

Kutupaku n'kumene kumachititsa kuti nthawi yoyesa nsapato ikhale masana kapena chakumadzulo, osati m'mawa pamene phazi laphwa. Ambiri amapeza kuti saizi yawo yakale siikwananso, ndipo amafunika kuonjezera theka kapena saizi yathunthu. Kutsogolo kukhale kotambalala, ndi mpata wa pafupifupi sentimita imodzi pakati pa chala chachitali ndi mphuno ya nsapato. Asanavale, munthu alowetse dzanja m'kati mpaka kunsonga, akufufuza msoko wokhakhala, kamsomali kapena kamwala. Povala, zala zimatha kupindikira pansi mwini wake osazindikira, makamaka ngati minofu imakungika yokha. Kupinda bondo kaye kumathandiza kuti phazi lifewe, ndipo akamaliza apapase pamwamba kuti atsimikize kuti zala zonse zawongoka.

Nsapato yatsopano siyenera kuvalidwa tsiku lonse poyamba. Theka la ola likwana, kenako aivule n'kuunika chidendene, mafupa a m'kakolo, pamwamba pa zala ndi m'mbali mwa phazi, pogwiritsa ntchito kalilole kapena maso a womusamalira. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho chofufuza ndi malo amene aderapo kuposa pozungulira, otentha, olimba kapena onyezimira. Chizindikiro chikakhalapobe patatha mphindi 30, nsapatoyo yalephera, ngakhale itakhala yokongola bwanji. Masokosi nawo amapalamula: a lamba wothina amasiya mzere pamwendo, ndipo a msoko wokhuthala ndi bwino kuwavala chotembenuza.

Palinso ngozi ina imene mabanja ambiri sanauzidwepo. Kwa munthu amene anavulala msana cha pakati pa mapewa kapena pamwamba pake, pafupa lomwe madokotala amalitcha T6, nsapato yothina kapena chikhadabo cholowa m'mnofu chingakweze kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi. Mutu umawawa koopsa, nkhope imatuluka thukuta. Zikatero womusamalira amukhazike tsonga, amumasule nsapato ndi zovala zothina, aone ngati mkodzo ukutuluka, ndipo zikapitirira athamangire naye kuchipatala.

Ena amafunsa kuti munthu wosayenda avalirenji nsapato. Phazi lopanda kanthu limagunda mafelemu a zitseko, limapsa ndi chitsulo chopondera panjinga dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, ndipo limayandikira mbaula osamva moto. Nsapato yolimba pansi imagwiranso phazi kuti lisaterereke posamuka kuchoka panjinga kupita pabedi. Kwa oyenda ndi ndodo, chidendene chikhale chachifupi ndi chotambalala, kumbuyo kogwira bwino. Patapata ndi woipa kwa onsewa, chifukwa amadalira zala kuti zimugwire.

Kamangidwe ndi kamene kamasiyanitsa munthu wodzivalira yekha ndi wodikira kuvekedwa. Zingwe zimafuna manja awiri, pamene zomata za Velcro ndi zipi zimatheka ndi limodzi. Ku America, Billy Price, amene anafa ziwalo atagwa pawindo la nyumba yosanja mu 1996, anayambitsa ndi mnzake nsapato za BILLY Footwear, zomwe zipi wake amazungulira mpaka kuzala kotero kuti pamwamba ponse pamatseguka, phazi n'kungoikidwamo. Kampani ya Nike inatulutsa FlyEase mu 2015 mnyamata wina waulumali, Matthew Walzer, atailembera kalata. Nsapatozi n'zodula ndipo kuno sizipezeka wamba, koma nzeru yake siidula. Wosoka nsapato wa pamsika angaike zipi m'mbali, kutalikitsa lamba, kapena kumangirira kamphete ka makiyi pa zipi kuti chala chofooka chikoke.

Kukongola si nkhani yoonjezera. Munthu akakhala panjinga, mapazi ake amakhala poonekera kwa aliyense, kutchalitchi, kuofesi ngakhale paukwati. N'kulakwa kwakukulu kuti achibale amugulire chinsapato chilichonse chachikulu poganiza kuti zotchena zinatha tsiku la ngozi. Mwini wake asankhe mtundu ndi maonekedwe. Chikopa chofewa ndi nsalu zimapititsa mpweya kuposa pulasitiki, ndipo zilipo zooneka bwino. Pakaunjika pamapezeka nsapato zabwino, bola kusamala ndi zimene zinapendekeka pansi potengera mayendedwe a mwini wake woyamba.

Amene amavala chothandizira phazi chapulasitiki chotchedwa AFO, kapena zitsulo za mwendo, apite nacho kogula n'kuyesa atachivala. Kuchotsa kansalu kopondera m'kati mwa nsapato kumaonjezera malo. Kukweza nsapato ya mwendo waufupi kumafuna muyeso wa katswiri, pakuti kungoyerekeza kumapweteketsa chiuno ndi msana. Akatswiriwa amapezeka pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo a zolimbitsa ziwalo pa Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre amaphunzitsa odwala ndi owasamalira kaunikidwe ka khungu ndi kavalidwe koyenera.