Flash inatha, phunziro lake tisalitaye



Ambiri mukukumbukira masiku amene tsamba la pa intaneti linkakuuzani kuti muyambe mwaika Flash Player kenako muone zili mkatimo. Makanema a YouTube, timasewera, zithunzi zoyenda zophunzitsira sayansi, zambiri zinkadalira kapulogalamu kameneka. Mwini wake anali kampani imodzi, Adobe, imene inagula Macromedia mu 2005. Mu 2017 Adobe inalengeza kuti idzasiya Flash, ndipo pa 31 Disembala 2020 inasiyadi. Kuyambira pa 12 Januwale 2021, Flash Player inayamba kukana kutsegula zinthu zimene kale inkatsegula. Silverlight ya Microsoft nayonso inatha mu 2021.

Tinene chilungamo: Flash inathandiza. Pa nthawi yake inkachita zinthu zimene browser payokha sinkatha. Steve Jobs anaikana pa iPhone, n'kulemba kalata yoidzudzula mu 2010, koma nayenso ankateteza malonda ake. Vuto la Flash silinali ubwino kapena kuipa kwake. Vuto linali loti kiyi anali m'thumba mwa kampani imodzi.

Taonani a PhET, a ku University of Colorado, ntchito imene Carl Wieman anaiyambitsa mu 2002. Zoyeserera zawo za Physics ndi Chemistry anazipanga pa Java ndi Flash, ndipo anatha zaka akuzilembanso mu HTML5. Lero mwana amazitsegula pa foni popanda kuikamo china chilichonse. Iwo anali ndi anthu ndi ndalama zochitira zimenezi. Nanga mphunzitsi amene anapanga yekha mafunso ake pa Flash? Ntchito yotereyi yambiri inangozimirira, ngakhale a Internet Archive akupulumutsako ina pogwiritsa ntchito Ruffle.

Tsono yerekezani ndi HTML. Mu 1993 bungwe la CERN linapereka luso la webu kwa aliyense kwaulere, ndipo tsamba loyamba la Tim Berners-Lee limatsegukabe mpaka pano. Malamulo a HTML ndi olembedwa poyera, aliyense angathe kupanga browser yowatsatira. Kampani imodzi ikagwa, tsamba limatsala.

Masiku ano msampha womwewo wabwera ndi nkhope ina: ma app amene amasunga manotsi athu m'njira yoti app ina singawawerenge. Ndi kubzala mango m'munda wobwereka, aphunzitsi anzanga. Musanaike ntchito yanu penapake, funsani mafunso atatu. Kodi itseguka pa browser iliyonse? Kodi mwana wa kafoni kotchipa, wa bandulo yochepa, aifikira? Kodi ndingathe kuikopera n'kuisunga ndekha? Yankho likakhala ayi, sungani kope lanu mu HTML kapena PDF.

Inu ophunzira anga akale amene tsopano mukulemba mapulogalamu, chonde, zimene mukupangira sukulu zathu muzipange poti aliyense angatsegule. Manotsi abwino a Fomu 4 ayenera kukhalitsa kuposa kampani iliyonse.