Ndemanga: Kuweruka usiku si umboni wakuti chuma chikuyenda

Pali mawu amene afala pamisonkhano ndi m'masemina a kuhotela. Akuti Amalawi tikusauka chifukwa timaweruka dzuwa likadali pamutu, ndipo titawonjezera maola a ntchito m'maofesi ndi m'mabizinesi, chuma chingadzuke. Ena amafika ponena kuti poti mashopu ayamba kutseka mochedwa, ndiye kuti zinthu zayamba kukoma. Ine zonse ziwiri ndikuzikana, ndipo wofuna umboni akwere minibasi ku Limbe, atsike pa Luchenza.

Maganizowa ali ndi kwawo. Ku America, nthambi ya boma ya Bureau of Labor Statistics imalengeza mwezi ndi mwezi maola amene anthu agwira pa sabata, kuphatikizapo a m'maofesi a maloya, owerengera ndalama ndi makampani otumikira mabizinesi ena. Akatswiri amawayang'anitsitsa pa chifukwa chomveka: makasitomala akachepa, bwana amayamba wadula maola asanachotse munthu, ndipo malonda akabwerera amayamba wawonjezera maola asanalembe watsopano. Koma maola amene amawerengawo ndi olipidwa, otengedwa m'mabuku a malipiro.

Nanga kuno? Kafukufuku wa apantchito amene a National Statistical Office anachita mu 2013 anapeza kuti 89 mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito anali pa ntchito zosakhazikika, zopanda chitetezo cha malamulo. Maola awo akulemba ndani?

Taonani pa Luchenza. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amafika m'kakhumbi kake mbandakucha, n'kuchoka kutada. Sikuti anthu amuunjikira ayi. Floti ndi yochepa, komishoni ndi yochepa, ndiye amaopa kuti akangochoka, kasitomala mmodzi yemweyo apita kwa mnzake. Wotayipa makalata ndi kupanga fotokope amatha tsiku akudikira magetsi. Akayaka madzulo, iye agwira mpaka usiku. Munthu wodutsa n'kuona nyali ikuyaka angati bizinesi yakula, chonsecho mwini wake akubweza maola amene anawonongeka masana. Kwathu kuno maola amatalika zinthu zikathina.

Kumaesiteti a tiyi ku Thyolo nkhani yake ndi ina. Ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makandi, wolamula maola ndi mvula. Kuyambira Disembala mpaka cha m'Epulo tiyi amaphuka osapuma, wothyola ayenera kudzaza dengu, kapitawo ali pambuyo, kalaliki wapasikelo ndi wa muofesi ya malipiro saona dzuwa likulowa, fakitale imalira usiku wonse popeza tsamba lothyola lero silidikira mawa. Mvula ikasiya, ambiri olembedwa pakanthawi amauzidwa kuti akapume. Kodi tinene kuti chuma cha Thyolo chimakula mu Januwale n'kufa mu Ogasiti? Phindu la tiyiyo limadziwika kumsika wa ku Limbe ndi kwa ogula akunja, osati pa wotchi ya kalaliki.

Chimodzi ndivomereze. Alipo maofesi ena amene mumapeza jekete pampando, mwini wake kulibe, inu mutakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Chimenecho n'chonyansa. Koma amenewo ndi maola olipidwa osagwiridwa, ndipo mankhwala ake ndi bwana woyang'anira, osati kunyoza mtundu wonse kuti ndi waulesi.

Ndipo amene akufuna maola ambiri ayambe awerenga lamulo. Employment Act ya 2000 imati sabata ya ntchito isapitirire maola 48. Opitirira apo ndi ovataimu: ola lililonse malipiro ake n'kuwonjezerapo theka, ndipo pa tsiku lopuma kapena la tchuthi, kuwirikiza kawiri. Ndi alonda angati, ndi atsikana angati a m'mashopu, amene anaionapo ndalama imeneyo? M'gawo la tiyi, bungwe la apantchito la PAWU ndi Tea Association of Malawi anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro mu 2016. Wa m'kakhumbi uja alibe womulankhulira.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Palibe amene anaweruka msanga tsiku limenelo, koma malipiro a ola lomwelo anayamba kugula sopo ndi mafuta ochepa. Choncho a National Statistical Office ku Zomba atiwerengere ziwiri izi: ndi maola angati amene akulipidwadi, ndipo wantchito wa pa Luchenza agwire maola angati kuti agule thumba la chimanga la makilogalamu 50. Chiwerengero chachiwiricho chikayamba kutsika, adzabwere pa wailesi pano adzatiuze kuti chuma chayamba kuyenda.