Nkhope Ikaphimbidwa, Anzathu Amaona Chiyani?



M'mwezi wa Ogasiti 2020, mliri wa Covid-19 utakula, boma lidalamula kuti aliyense aziphimba pakamwa ndi mphuno akakhala pagulu. Maphunziro atayambiranso, ife aphunzitsi a madrasa kuno ku Chitala tidaona ana aang'ono akuyamba kutiopa. Mwana akawerenga bwino tinkamwetulira, koma iye ankangoona maso omuyang'anitsitsa, n'kuyesa kuti walakwitsa. Ngakhale zilembo ba, mim ndi waw zidavuta, poti mwana amaziphunzira poyang'ana milomo ya mwalimu.

Chaka chomwecho katswiri wa ku Germany, Claus-Christian Carbon, adapeza kuti pakamwa pakaphimbidwa, nkhope yonyansidwa imaoneka ngati yokwiya, ndipo yachimwemwe kapena yachisoni imaoneka ngati ya munthu wosakhudzidwa. Mantha ndiwo amaonekabe bwino m'maso.

Mliri udapita, koma nkhaniyi ikukhudzabe alongo athu ovala nikabu. Zoti kuphimba nkhope n'kokakamizidwa kapena ayi tiwasiyire mashehe, poti iwonso amasiyana maganizo. Kunyumba palibe vuto: mayi amavula, ana amamuona. Vuto lili kumsika, kuchipatala ndi pamaliro. Timamva anthu akuti, "Mayi uja ngwonyada," chikhalirecho mayiyo adamwetulira, nsalu ndiyo idabisa. Maubale ena amazirala chifukwa cha zimenezi, makamaka ndi anansi athu achikhristu amene sadazolowere.

Wina angafunse kuti, nanga kumwetulira kumene palibe akukuona kuli ndi phindu lanji? Kumbukirani chimene chidatsitsa Sura Abasa, ya nambala 80. Mtumiki (SAW) adachita tsinya Abdullah ibn Umm Maktum atamdula mawu. Abdullah adali wosaona, tsinyalo sadalione, komabe Allah adamdzudzula Mtumiki wake. Komanso kumwetulira kumamveka m'mawu, ndipo kukakhala kochokera mumtima kumaoneka m'mbali mwa maso.

Choncho alongo, chimene nsalu yabisa, pakamwa panene. Yambani ndinu kupereka moni, mokweza pang'ono, ndipo mtchuleni munthuyo dzina. Kwa namwino nenani poyera kuti, "Ndikumva ululu kwambiri," chifukwa sangauone pankhope. Pamaliro khalani pafupi ndi mayi woferedwa, mumgwire dzanja. Ndipo mwana wa eni akalira pokuonani, gwadani kuti maso anu afanane ndi ake, mumufunse dzina lake mofatsa.