Ofesi yonse ili m'foni imodzi, nanga ikafa?

M'misika ya ku Kawale, ku Chinsapo ngakhalenso pa Nsungwi ku Area 25 simusowa kakontena ka munthu wokonza mafoni. Patebulo pake pamakhala mafoni otsegulidwa pamimba, mabatire otupa ndi kachitsulo kowotcherera mawaya. Koma ambiri obwera pamenepo salira foni yeniyeniyo. Amalira zomwe zili m'kati mwake: maina a makolo omwe sadamalize fizi pasukulu yomwe si yaboma, kaundula wa banki m'khonde, malisiti a zipangizo za pagalaja ku Biwi, kapena kalata yomwe bwana adatumiza pa WhatsApp ndipo ikufunika mawa m'mawa.

Ntchito za m'maofesi ambiri ang'onoang'ono zidasamukira m'foni popanda msonkhano uliwonse wogwirizana zimenezo. Pakampani yokhazikika, makalata ndi mafailo a antchito onse amasungidwa pa seva, yomwe ndi kompyuta yogwira ntchito ngati nkhokwe ya kampaniyo, kapena pamalo olipira monga Microsoft 365 ndi Google Workspace. Wantchito akachoka, akaunti yake imatsekedwa koma mafailo amatsala. Mabanki ndi makampani akuluakulu m'dziko muno amatero. Koma kwa sukulu, mpingo kapena kabungwe ka m'lokeshoni, nkhokwe yake ndi gulu la WhatsApp ndi Gmail ya mlembi, yomwe nambala yake yachinsinsi amaidziwa yekha.

Sikuti anthuwa ndi osasamala. Malo olipirawo amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake udathawa m'manja mwa ambiri. Seva ya paofesi nayo imafuna magetsi osazimazima, chinthu chomwe wokhala ku Area 23 kapena ku Mgona sangachilumbirire. WhatsApp ndi yosavuta ndipo mabando ake ndi otsikirapo mtengo. Vuto limaoneka tsiku lomwe foni yagwera m'madzi, yabedwa m'minibasi, kapena mlembi wayambana ndi abwana n'kuchoka nayo.

Wina atha kuyesa kuti ili ndi vuto la anthu wamba okha, koma boma lidalawako zowawa zomwezi. Mu Januwale 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno idasiya kusindikiza ziphaso zoyendera. Mwezi wotsatira, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ziphasozo adalowereredwa ndi anthu omwe amafuna dipo, kuti boma silipereka dipolo, ndipo adapatsa nthambiyo milungu itatu kuti ipeze njira. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi. Pamilungu yonseyo, ofuna kukagwira ntchito kunja, ophunzira, odwala ndi amalonda opita ku Johannesburg adangoti kakasi.

Makinawo adali atakhazikitsidwa ndi kampani ya Techno Brain pa mgwirizano wa 2019 wa ndalama zoposa $60 miliyoni, womwe boma lidauthetsa mu Disembala 2021. Ena adakayika ngati kudalidi akuba, ndipo mkangano wa chomwe chidachitika udatenga masamba ambiri a nyuzi. Koma mbali iliyonse yomwe munthu angakhulupirire, funso lake ndi limodzi: zidatheka bwanji kuti nthambi ya boma, patatha zaka ziwiri mgwirizano utatha, ikhale yopanda njira yodzutsira makina ake m'masiku ochepa? Bungwe lomwe lili ndi makiyi a makina ake, komanso kope lina la mafailo lomwe lidayesedwa kuti limatsegukadi, silikhala chogona milungu yambiri. Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 idaonetsa nkhope ina ya vuto lomweli. Akauniuni a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zina mwa zolembedwa m'makina a IFMIS zinkafufutidwa macheke akatuluka. Apo makina sadafe ayi, koma padalibe wolondera mokwanira kuti ndani walowa ndipo wachotsa chiyani.

Zomwe akatswiri a zamakompyuta amalangiza pothana ndi izi si zodula monga ambiri amaganizira. Chachikulu ndi chakuti failo iliyonse yofunika ikhale ndi makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi ofesi. Kwa sukulu ya ku Chinsapo, izi zitha kungokhala kompyuta ya paofesi, fulashi yosungidwa kunyumba kwa mphunzitsi wamkulu, ndi Google Drive yotsegulidwa m'dzina la sukulu, osati la mlembi. Kope lomwe palibe adayesapo kulitsegula silodalirika. Ambiri amazindikira tsiku la tsoka kuti WhatsApp yawo idasiya kalekale kusunga mauthenga chifukwa malo adadzaza kapena bando inkathera panjira. Gulu la WhatsApp la ntchito lisakhale ndi admin mmodzi, ndipo nambala yachinsinsi ya akaunti ya bungwe idziwike kwa anthu awiri odalirika ndi kusinthidwa wina akachoka.

Nayo foni ili ndi malamulo ake. Ikagwera m'madzi, izimitsidwe ndipo isalumikizidwe kumagetsi; kuikwirira mumpunga, komwe ambiri amakukhulupirira, sikuchotsa madzi omwe alowa m'kati, ndipo dzimbiri limapitiriza kudya. Magetsi akazima ndi bwino kuzula matchaja, chifukwa nthawi yomwe akubwerera ndi pomwe zipangizo zimapsa. Foni yokana kutchaja kawirikawiri imakhala ndi fumbi pakamwa pake kapena chingwe chothothoka, zinthu zoyenera kuyesa munthu asadagule batire lina. Ndipo wokonza akanena kuti foni ikufunika kuifulasha, mwini wake adziwe kuti zonse za m'katimo zipita.

Pali china chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Foni yosiyidwa kwa wokonza pamodzi ndi nambala yotsegulira ili ngati nyumba yosiyidwa chitseko chili pululu. Okonza ambiri ndi anthu okhulupirika omwe akungofuna ya ndiwo, koma m'fonimo muli Airtel Money kapena TNM Mpamba, zithunzi za zitupa za unzika za anthu ena, mwinanso zotsatira za kuchipatala. Kuchotsa simu ndi memori khadi, komanso kudikira pomwepo ngati ntchito ndi yongosintha sikirini, si kunyoza wokonzayo.

Tsopano nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limapereka udindo kwa osunga maina, manambala ndi mbiri za anthu ena kuti azizisamala. Boma lidatsegulanso malo ake osungira mafailo, National Data Centre, ku Blantyre mu 2022. Izi ndi zabwino, koma zidayambira kumwamba. Chomwe chikusowa ndi uthenga wa m'Chichewa wofika kwa msungichuma wa banki m'khonde ku Area 23, komanso maphunziro afupiafupi kwa okonza mafoni, omwe ambiri adaphunzira ntchitoyo poonera anzawo ndi pa YouTube. Kwa anthu ochuluka mumzinda wa Lilongwe, katswiri wa zamakompyuta yekhayo yemwe adzakumane naye ndi mnyamata wa m'kakontena uja, ndipo iye amaiona foni itafa kale.