Kasingano ka mita kakayamba kunama

Kamera yakale ya filimu ikangosiya kugwedeza kasingano kake koyezera kuwala, ambiri amafulumira kuiponya m'kabati ati yatha ntchito. Zimandiwawa, chifukwa kawirikawiri wolakwa si kamerayo, ndi batire.

Taonani Olympus OM-1 ya 1972 kapena Minolta SR-T 101 ya 1966. Mita zake anazipangira batire la mercury, PX625, lomwe linkapereka mavolti 1.35 osasinthasintha mpaka kutha kwake. Mabatirewa analetsedwa poti mercury ndi poizoni. Ku America lamulo lake linadza mu 1996. Lero munthu amaikamo la alkaline la mavolti 1.5, kasingano n'kudzuka, iye n'kumwetulira. Komatu apo mita ikunama. Mphamvu yoonjezerayo imaichititsa kuona kuwala kumene kulibe, ndipo batirelo likamafooka bodzalo limasinthanso, moti simungalizolowere. Zithunzi za ukwati wa mlongo wanu zituluka zoderako, chonsecho ukwati sabwereza. Ine ndingalole mita yakufa kusiyana ndi yonama, pakuti yakufayo imandikakamiza kudalira maso anga.

Mankhwala alipo. Batire la zinc-air la nambala 675, lija la tizida tothandiza kumva, limapereka pafupifupi mavolti 1.4. Ndi laling'ono, choncho limafuna kamphira kolizungulira kuti lisagwedere, ndipo mukamatula kapepala kake silikhalitsa. Ena amagula adaputa ya MR-9 yotsitsa mphamvu ya batire la silver oxide.

Kasingano kakangoti zii, musathamangire sikuludiraiva. Yambani mwasuzumira m'chipinda cha batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene mungaupeze ndi zotuluka m'batire lomwe linaiwalika mmenemo. Pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga, kenako muumitse bwinobwino. Zikakanika, mwina kawaya ka pansi pa chipindacho kadyeka. Kameneko ndi ka mmisiri wodziwa kuwotcherera tinthu tating'ono.

Olympus Trip 35 ndi nkhani ina: ilibe batire, imadalira selenium yozungulira lenzi, yomwe imafooka ndi kuwala ndiponso chinyontho. Okhala kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, chonde ivundikireni ndi kuisunga pouma, chifukwa ikafa kuidzutsa n'kovuta.

Mukamaliza kukonza mita ya batire ija, iyeseni panja dzuwa likuswa mtengo. Pa ISO 100 ndi f/16, mita yonena zoona iloze pafupi ndi 1/125.